Msoko wa mkati: masiku asanu ndi limodzi m'mapazi a Zeki Müren

Lachiwiri, Istanbul

Ndinafika dzulo usiku, ndipo lero ndayamba ndi chimene ndinadzera: kuoda lesi, mikanda ndi nsalu za madiresi a ukwati. Aka n'kachitatu kubwera kuno ku Turkey. Maulendo awiri oyambawo ndinkangoti ndikatsika ndege, liwiro ku Osmanbey, liwiro ku Laleli, madera a masitolo a nsalu ndi zovala, kulongedza, kukwera ndege, basi. Ulendo uno ndawonjezerapo masiku, ndipo wandichedwetsa ndi munthu amene anamwalira mu 1996.

Nkhani yake inayamba chaka chatha m'kasitolo kena ka mikanda ku Eminönü. Bambo okalamba a m'sitolomo ankandiwerengera mapaketi, kawailesi kakulira chapansipansi pa shelefu. Kenaka munayamba mawu a mwamuna, osalala ngati mafuta, osathamanga, liwu lililonse likutuluka lathunthu mpaka kumchira kwake. Chitheki sindichidziwa, koma ndinkamva pamene liwu lathera ndi pamene lina layambira. Ndinaloza wailesi ija. Bambo aja anasiya kuwerenga, n'kuika dzanja pachifuwa, n'kunena kuti, "Zeki Müren." Anandionetsa chithunzi chimene anachimata kukhoma pambali pa kalendala: munthu watsitsi lokwezedwa bwino, maso opaka, mphete m'zala, jekete lowala waliwali ndi chinsalu chogwa kuchokera m'mapewa mpaka pansi. Ine monga telala, maso anga anathamangira pa mapewa a jekete lija. Amene anadula mapewa amenewo ankaidziwa ntchito.

Chaka chonse chathachi nyimbo zake zakhala zikulira m'shopu mwanga pamodzi ndi makina. Atsikana amene ndimasoka nawo poyamba ankati ndi nyimbo za maliro. Pano ena amazing'ung'udza okha akamapinda nsalu.

Madzulo ano wafika mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira ku yunivesite ku Bursa. Ndiye akhale pakamwa panga ndi makutu anga. Nditamuuza ndondomeko ya ulendo anaseka n'kunena kuti, "Azakhali, inu mwasankha munthu amene dziko lonse lino limamudziwa. Ngakhale woyendetsa takisi akuuzani mbiri yake." Tinayesa pa takisi yoyamba imene tinakwera. Dalaivala, mnyamata amene mwina anabadwa mwiniwakeyo atapita kale, anatchula maina awiri amene anthu anam'patsa: Sanat Güneşi, kutanthauza dzuwa la luso, ndi Paşa, dzina laulemu limene kale linkapatsidwa kwa akuluakulu a asilikali ndi a boma.

Chinthu chimodzi chikundivutitsa mumtima. Ndinasiya diresi lina la mkwatibwi litapachikidwa m'shopu. Kunja ndi lokongola, koma mkati ndinalola kuti atsikana angodutsitsa makina mwachangu chifukwa nthawi inatha. Mwini wake adzalitenga sabata yamawa.

Lachitatu, Istanbul

Kuchokera ku Osmanbey, kumene ndimagula katundu, ukangotsata msewu waukulu wolowera ku Taksim umadutsa ku Harbiye. Ndadutsapo kangapo nditasenza zikwama, osadziwa kuti chinyumba chachikulu cha miyala chili m'mbali mwa msewuwo ndi nyumba ya wailesi ya Istanbul. Lero tinaima patsogolo pake kwa kanthawi.

Mu 1950 wailesiyi inaitana oimba kuti adzayesedwe. Anabwera anthu 186, ndipo amene anapambana onse anali Zeki Müren, mnyamata wa ku Bursa wosakwana zaka 20. Chaka chotsatira, mu 1951, anaimba koyamba pa wailesi anthu akumvera nthawi yomweyo. Pulogalamu itatha, Hamiyet Yüceses, mayi amene anali kale katswiri wotchuka, anaimba telefoni ku situdiyo kumuyamikira. Kuti mumvetse kulemera kwa nkhaniyi, dziwani kuti zaka zochepa m'mbuyomo, kuyambira mu 1934 mpaka 1936, boma linachotsa nyimbo zachikhalidwe cha Chitheki ngati zimenezi pa wailesi pofuna kuti anthu azolowere za ku Ulaya. Nyimbozo sizinafe. Zinabwerera, ndipo mnyamatayu anazilowetsa m'nyumba iliyonse imene munali wailesi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri lero ndi china. Tinatsikira ku Fındıklı, m'mphepete mwa madzi a Bosphorus, kumene kuli sukulu ya zaluso imene pano imatchedwa Mimar Sinan. Zeki Müren anaphunzira kumeneko, ndipo sanaphunzire zoimba ayi. Anaphunzira zojambula ndi zokongoletsa, maluwa ndi mizere ya pa nsalu. Nditamva zimenezo ndinati eya, n'chifukwa chake. Zovala zake ankazijambula yekha, n'kumazipatsa maina ngati ana. Atayamba kuimba pa siteji mu 1955 anayambitsa zoti oimba zing'wenyeng'wenye kumbuyo kwake azivala yunifomu, ndiponso anakonzetsa siteji yooneka ngati chilembo cha T, kuti azitha kuyenda mpaka pakati pa anthu. Kwa zaka 11 ankaimba ku Maksim, malo achisangalalo otchuka a pa Taksim, mosinthana ndi woimba wina wotchuka, mayi Behiye Aksoy. Malo otero kuno ankawatcha gazino: anthu amadya, kumwa, oimba akusinthana usiku wonse, wamkulu n'kubwera pomaliza. Masana ena ankapatulira amayi okhaokha, ndipo iwo ankabwera ndi ana ndi mapoto a zakudya zophika kunyumba. Maksim ija inatsekedwa kalekale.

Usiku tinakadya pamalo ena aang'ono ku Beyoğlu pamene panali oimba anayi. Ndinapempha mpando woyandikira bambo amene ankaimba kanun. Ndi chipangizo chathabwa chophwatalala chimene amachigoneka pamiyendo, nsambo zake zambirimbiri, ndipo amazikodola ndi tizikhadabo tovala ku zala. Ndinayang'anitsitsa dzanja lawo lamanzere. Pansi pa nsambozo, chakumphepete, pali tizitsulo ting'onoting'ono tangati timalilime, ndipo nyimbo ili mkati iwo ankatitukula ndi kutigwetsa, kha, kha, mwachangu ngati munthu wotola nsabwe za mpunga. Mwana wa achimwene anandifotokozera kuti kachitsulo kalikonse kamasuntha liwu pang'ono kwambiri. Ife a kwaya timadziwa kuti pakati pa do ndi re pali sitepe imodzi yokha yapakati. Kuno mtunda womwewo amaugawa m'zigawo 9, ndipo khutu lawo limamva kusiyana kwake. Njira imene nyimbo imayendamo, poyambira, pokwera, popumira ndi pofikira, amaitcha makam, ndipo iliyonse ili ndi dzina: hicaz, rast, nihavend, uşşak, hüzzam. Kagundidwe kake amakatcha usul.

Ndiye taganizani munthu woti akuyenda pa timasitepe topyapyala chotere, koma osameza ngakhale chilembo chimodzi cha mawu. Oimba aja atayamba "Manolyam", nyimbo imene anaipeka yekha ndipo inam'patsa chimbale chagolide choyamba m'dziko lino mu 1955, matebulo onse analowa m'nyimbo. Mayi wina pafupi nane ankaimba maso ali chitsinzinire, foloko ili m'manja.

Lachinayi, Bursa

Tinakwera sitima yapamadzi m'mawa kuwoloka nyanja ya Marmara mpaka ku Mudanya, kenaka basi kukwera mtunda kulowa mu Bursa. Mzindawu unatsamira phiri la Uludağ, lotalika mamita 2,543, ndipo kulikonse kumene ungayang'ane phirilo lili pamutu pako.

Zeki Müren anabadwira kuno pa 6 Disembala 1931, m'dera lakale la Hisar, pamwamba pa mzinda, mkati mwa malinga. Anali mwana mmodzi yekha wa bambo Kaya Müren, ogulitsa matabwa, ndi mayi Hayriye. Tinayenda m'timisewu ta m'deralo, topapatiza, nyumba zina zakale zamatabwa zipinda zam'mwamba zitasomphokera kumsewu. Chapafupi pomwepo, ku Tophane, pali manda a Osman ndi mwana wake Orhan, amene anayambitsa ufumu wa Ottoman, ndipo ukaima pamenepo mzinda wonse umaoneka m'munsi. Mphunzitsi wake woyamba wa nyimbo anali wa konkuno, İzzet Gerçeker, woimba tanbur, chipangizo chakhosi lalitali. Pambuyo pake mnyamatayo anapempha bambo ake kuti akapitirize sekondale ku Istanbul, ndipo kumeneko anakaphunzira kwa akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Şerif İçli. Nyimbo yake yoyamba anaipeka asanamalize n'komwe sekondale.

Masana ndinathera ku Koza Han, ndipo pano ndivomere kuti ntchito inandikoka. Ndi bwalo lamalonda lomangidwa mu 1491, kumene alimi ankabweretsa zikwa za mbozi zopanga silika. Pakati pali mitengo ndi matebulo a tiyi, m'mwamba muli masitolo a nsalu. Ndinagwira silika weniweni, wozizira m'manja, wolemera pang'ono kuposa mmene amaonekera. Wogulitsa anasolola kaulusi kamodzi n'kukayatsa ndi machesi kuti ndione: kananunkha ngati tsitsi lopsa n'kusanduka phulusa, osati kuundana ngati pulasitiki. Mwana wokulira mumzinda wotere, nsalu zotere akuziona tsiku ndi tsiku, n'zosadabwitsa kuti anakula ndi diso.

Ndagula mamita anayi a mtundu wa minyanga. Mtengo wake sindiulemba pano.

Lachisanu, Bursa

Lero linali tsiku la manda.

Tinayambira ku Ulu Cami, mzikiti waukulu wa madenga ozungulira 20, womangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Tinalawirira kuti tituluke mapemphero a Lachisanu asanayambe. Ndinavula nsapato, kufunda mpango kumutu, n'kulowa. Mkati mwenimweni muli kasupe wa madzi, ndipo m'makoma ndi m'zipilala muli zilembo zachiarabu zazitali kuposa munthu. Mwambo wa maliro a Zeki Müren unachitikira pano mu 1996, ndipo anthu anali zikwizikwi, misewu yozungulira itadzaza.

Ndakhala ndikulingalira zimenezi tsiku lonse. Uyu anali mwamuna wopaka m'maso ndi m'milomo, wovala nthenga ndi mikanda, amene mu 1970 anatulukira pa siteji atavala kasiketi kakafupi ndi nsapato zazitali zidendene. Sanakwatirepo. Za moyo wake wamseri anthu ankanong'onezana, iye osayankhapo. Dzikoli ndi la anthu osunga mwambo, ndipo ena ankang'ung'udza ndithu. Komabe agogo opemphera kasanu patsiku ankamumvera, asilikali ankamumvera, ndipo mu 1991 boma linam'patsa ulemu wa woimba wa dziko. Ndinafunsa mayi a nyumba imene mwana wa achimwene amachita lendi, mayi achikulire ofunda mpango, kuti zinatheka bwanji. Anayankha mwachidule, mnyamatayo akumasulira: munthuyo sanawanyozepo omvera ake. Ankawalankhula mwaulemu ngati alendo olemekezeka, ankafika atakonzeka, ndipo chilankhulo chawo ankachitchula bwino kuposa aphunzitsi. Anati makolo ankauza ana kuti akafuna kuyankhula Chitheki chabwino azimvera iyeyo.

Manda ake ali ku Emir Sultan, chakum'mawa kwa mzinda, pamtunda pamene pali mzikiti wina ndi mitengo yaitali yobiriwira yosongoka kunsonga. Tinakwera masitepe, kufunsa njira kamodzi kokha, munthu n'kutilozera asanamalize n'komwe kumva funso. Pamandapo tinapeza amayi awiri, wina wa msinkhu wanga, wina wokalamba woyenda ndi ndodo. Wamng'onoyo anali ndi botolo la madzi, akuthirira maluwa a pamanda monga amachitira kuno. Wokalambayo anatambasula manja, zikhatho kumwamba, milomo ikugwedera. Atamaliza anapukuta nkhope ndi manja awiri, n'kutembenuka kundiyang'ana. Anafunsa kumene ndachokera. Atauzidwa, anandigwira dzanja n'kulisisita, akubwereza mawu amodzimodzi. Mnyamata anati, "Azakhali, akuti mapazi anu akhale ndi moyo, poti mwayenda mtunda wonsewu." Ndinalephera kuyankha. Ndinangogwada pang'ono monga timachitira kwathu, ndipo ndikhulupirira anamva.

Chuma chake chonse anachisiyira mabungwe awiri: Türk Eğitim Vakfı, limene limalipirira ana sukulu, ndi Mehmetçik Vakfı, limene limathandiza asilikali ovulala ndi mabanja a amene anafa. Mabungwewa anamanga sekondale ya zaluso konkuno ku Bursa yotchedwa dzina lake. Munthu wopanda mwana, koma ana akuphunzirabe ndi thukuta lake mpaka lero.

Loweruka, İzmir

Tsiku lathera pa basi. Minda ya azitona mbali zonse, mnyamata wa m'basi akugawa tiyi ndi mabisiketi. Msana ukuwawa.

Ku İzmir tangoima usiku umodzi, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi. Pa 24 Sepitembala 1996 wailesi ndi kanema wa boma, TRT, anamukonzera mwambo womulemekeza mumzinda uno. Panthawiyo n'kuti atatha zaka zambiri osaonekera, akudwala mtima ndi shuga, thupi litalemera. Anavomera kubwera. Anavala bwino monga mwa masiku onse, makamera akujambula, ndipo anam'patsa mphatso: maikolofoni imene anaimbira tsiku lake loyamba pa wailesi mu 1951. Anailandira, n'kubwerera pampando movutikira. Patangopita kanthawi mtima unaima. Anali ndi zaka 64.

Kanema wa mphindi zimenezo alipo pa intaneti, ndipo mnyamata anafuna kundionetsa tili pa benchi m'mphepete mwa nyanja. Ndinaonera mpaka pamene akugwira maikolofoni ija, n'kumuuza kuti azimitse. Nkhope yake inkaonetsa kuti akumva ululu, koma anaimirirabe chifukwa anthu anali akumuyang'ana. Zotsalazo sindinafune kuziona.

Tadya nsomba yowotcha ndi buledi, tagona msanga.

Lamulungu, Bodrum

Bodrum ndi tauni ya nyumba zoyera mbee zotsetsereka kulowera kunyanja, maluwa ofiirira atayanga m'makoma, ndi linga lalikulu lamiyala pakati pa magombe awiri. M'lingamo ndi mmene anachitira konsati yake yomaliza mu 1984. Kuno ndi kumene anadzapumira atatopa ndi Istanbul, ndipo anthu a kuno ankakonda kumutchula kuti Paşa. Msewu wopita kunyumba kwake umatchedwa dzina lake. Nyumbayo, imene ili m'dera la Kumbahçe, inasandutsidwa miyuziyamu mu 2000.

Ndinkayembekeza chinyumba chachifumu. Ndinapeza nyumba yabwino koma yosadzitukumula, yoyang'ana kunyanja. Panja pali chiboliboli chake atagwira maikolofoni, ndi galimoto yake yaikulu ya Buick. Mkati muli mipando yake, bedi lake, mphoto, zithunzi, makalata a anthu omukonda. Pali zokumbutsa mafilimu ake, kuyambira ija yoyamba ya mu 1953 imene anasewera ndi Cahide Sonku, ndi za usiku wa mu 1976 pamene anaimba ku Royal Albert Hall ku London. Nyimbo zake zimalira chapansipansi m'zipinda zonse.

Zonsezo ndinazidutsa mwaulemu koma mwachangu. Ndinkafuna zinthu ziwiri.

Choyamba, zojambula zake. Zilipo pakhoma, mapatani a mitundu yowala, mizere yopotana yobwerezabwereza. Amene anadulapo nsalu yamaluwa amadziwa vuto la patani: duwa likathera m'mphepete liyenera kukakumana ndi linzake mbali inayo, apo ayi chovala chimaoneka chothyoka. Ndinatsata mzere umodzi ndi chala m'malere, osakhudza galasi, kuchokera pakona mpaka pakona. Unakafika pamene unayenera kufika.

Chachiwiri, zovala. Zaimikidwa m'magalasi, ndipo pafupi pali nsapato zija zazitali. Pachithunzi zimangooneka kuwala. Pafupi ndi nkhani ina. Kwathu timati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo pa ntchito yathuyi mwambiwu ndimauona sabata iliyonse: diresi lowala patsogolo, ukalitembenuza ulusi uli lendelende. Ndiye ndinachita zimene ndimachita ndikafuna kudziwa telala mnzanga. Ndinanjuta pansi, kupendeketsa mutu, kusuzumira kumpendero ndi kukamwa kwa mkono, kumene nsalu ya mkati imaonekera pang'ono. Mlonda anayandikira kudzaona chimene ndataya. Mnyamata atamuuza kuti azakhali akewa ndi telala, anamwetulira n'kubwerera pampando wake.

Mpendero unali wopindidwa ndi manja, timisoko tating'ono tofanana ngati mano a chipeso. Mikanda sinali yomata ndi guluu kapena yogula pa tepi n'kudutsitsa makina. Inali yosokerera, ndipo pamapewa inasanjidwa motsata kupindika kwa thupi, kuti munthu akakweza dzanja kuwala kuziyenda naye. Ndinasankha kamalo kofanana ndi chikhatho changa n'kuyamba kuwerenga. Ndinasokonezeka nditapitirira 200. Ndikudziwa nthawi imene kamalo kotero kamadya: ndi madzulo athunthu, khosi litauma, maso akuyabwa. Jekete lonse ndi masabata. Iye ankajambula, koma panali manja ena amene ankagwira singano, ndipo ndinaima pamenepo kuwaganizira anthu amenewo, atawerama pansi pa nyale, akusoka mbali imene womvera wa kumpando wakumbuyo sakanaiona n'komwe.

Nthawi yonseyi mawu ake anali akulira m'chipindamo, ndipo ndinazindikira kuti khutu langa likumva chimene diso likuona. Mmene amamalizira liwu, osalisiya lendelende, osalidula msanga pothamangira lotsatira, ndi mmene mpendero uja unapindidwira. Chimene chinandigwira m'kasitolo ka mikanda chaka chatha, ndisakudziwa ngakhale liwu limodzi la chilankhulo chake, chinali chimenechi.

Tinatuluka dzuwa litapendeka. Tinakhala pakhoma la m'mphepete mwa nyanja tikusenda manachesi, amene kuno amalimidwa kwambiri, mabwato akulowa padoko mmodzimmodzi. Mnyamata anafunsa ngati ndakhutira. Ndinamuuza kuti andibwereke foni yake, yanga inali itatha moto.

Ndaimbira mtsikana wamkulu wa ku shopu. Ndamuuza kuti diresi la mkwatibwi lija alitsitse, alitembenuze, ayambe kusula msoko wa mkati kuyambira m'chiuno. Mwini wake akabwera ndisanafike amupepese, amuuze kuti adikire masiku awiri. Ndege yanga inyamuka Lachiwiri usiku, ndipo Lachinayi m'mawa ndikalipinda ndekha ndi manja.